Chombo Chosungira cha Elube

Ndinasenza kanema pamutu, Elube ananyamula kabokosi ka gemu ndi mawaya ake, batire tinaikweza pangolo ya munthu wina, ndipo tinatuluka m'mudzi wa amuna anga tsiku lomwelo limene abale awo anandisudzula. Mbuzi anatenga, njinga anatenga. Kabokosiko anakasiya poti sankadziwa kuti n'ka chiyani. Malemuwo anabwera nako kuchokera kumigodi, pamodzi ndi chifuwa chimene chinawapha. Elube, mwana wanga mmodzi yekhayo, anali atangoyamba sukulu.

Iwe Mwandida, unandifunsa kuti mwa magemu asanu a Kachombo aja yabwino ndi iti, yoipa ndi iti, poti shelefu ya m'nyumba yako ya magemu ndi yaing'ono ndipo ukufuna kutaya ena. Pakamwa ndimafulumira, ndiye ndalemba m'kope, zilembo zikuluzikulu chifukwa cha masowa. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6. Werenga mmene ndalemberamo, usandikonze.

Dzina lenileni la magemuwa linali lachizungu, ndipo linafufutika pakaseti kalekale. Anthu ankangoti Kachombo. Nkhani yake ndi imodzi m'magemu onse asanu: uli m'kachombo kouluka pakati pa nyenyezi, adani akubwera, uwawombere asanakuwombere. Basi. Koma ndi ana a mimba imodzi omwe safanana.

Tinafika pamalo pena pomwe misewu iwiri imadutsana. Panali chigayo, golosale, ndi mtengo wa mango wosabereka. Ndinapeza chipinda kuseri kwa chigayo, zenera ndinatseka ndi thumba la feteleza, ndinaika benchi. Panja dzuwa likuswa mtengo, mkati muli nyenyezi. Anthu ankalowa akuphethira.

Nthawi imeneyo tinali ndi Yoyamba yokha. Kachombo kako kamangoyenda kumanja ndi kumanzere m'munsi mwa galasi, adani amatsika m'mizere ngati aganyu m'munda. Ukawatha amabwera ena, ofulumirapo. Ilibe mapeto, ndipo kulira kwake kuli ngati kwa nkhanga. Koma sinama. Ukafa wafa ndi dzanja lako, sunganamizire munthu. Ndimaipatsa ulemu womwe ndimapatsa khasu lakale. Pamenepo ndi pomwe ndinaphunzirira ntchito: kuuzira kaseti ikakana kuyaka, kuthira madzi m'batire, kupala mitu yake ndi mpeni ikachita zoyera. Ana a eni ake akabwera nthawi ya sukulu ndinkawathamangitsa ndi tsache. Ukumbukire zimenezi, tsache lija.

Chigayo chinatsekedwa, anthu anasiya kudutsa. Tinasenzanso. Zaka sindinkaziwerenga. Ndinkangoona kuti katundu wa Elube akukula, ndipo mutu wake wafika paphewa langa. Tinakhala malo awiri kapena atatu, onse ofanana, mpaka tinafika kudera la fodya, kumene ngakhale madzi akumwa ankanunkha chigafa. Kumenekonso kunali chigayo, golosale, ndi mtengo wa mango wosabereka. Dalaivala wina wa lole ndiye anatisiyira Yachiwiri.

Ndinene poyera, ndisakuchedwetse: Yachiwiri ndiyo yabwino kuposa onse. Zombo zimakhala ziwiri, chofiira ndi chobiriwira, anthu awiri benchi imodzi, aliyense ndi padi yake, kaja kogwira m'manja kokhala ndi mabatani. Adani amabwera mbali zonse, moti wekha supita patali. Umayenera kumva mnzako ndi chigongono. Aliyense amayamba ndi zombo zitatu zosungira, zimaoneka pakona ngati anapiye. Zako zikatha, ukadina batani lapakati, umatenga chosungira cha mnzako. Makinawo safunsa. Masewera akatha amalemba mayina a onse awiri moyandikana, zilembo zitatu uyu, zitatu uyu, ndipo amawasunga ngakhale uzimitse.

Batani lapakatilo linaswetsa benchi yanga yoyamba. Amuna awiri, mimba imodzi, ndevu zili pachibwano, anagwirana pakhosi chifukwa cha kachombo. Ndinadula katoni n'kulembapo ndi makala: UKAFUNA CHOMBO CHA MNZAKO, PEMPHA. Ndinaikhoma pamwamba pa kanema. Kuyambira pamenepo unakhala mwambo wa nyumba yathu.

"Alamu, ndibwerekeniko kamodzi."

"Mlongo wanga munatenga kale, tsopano mukufunanso kachombo? Anthu akwanu simukhuta."

"Chonde alamu, ndafa ine."

"Tengani, koma mukafanso mukalime kwathu."

Wina ankakana, ndipo kukanako kunalibe mlandu. Unkangoika padi pamwendo n'kumachemerera mnzako.

Elube anali ndi zala. Ine sindikokomeza zinthu, koma mwanayo ankadutsa pakati pa zipolopolo ngati munthu wodziwa njira ya kudimba. Akagwira padi, amuna ankasiya bawo pansi pa mango n'kubwera kudzaima pakhoma. "Mwana wanuyu, mayi, ali ndi maso kunkhongo," ankatero. Akakhala kusukulu nyumba inkakhala pululu. Akaweruka inkadzaza. Ine ndinkaziona zimenezo tsiku ndi tsiku.

Analemba mayeso a Sitandade 8, ndipo tisanamve zotsatira tinasamukanso. Kalata inatilondola. Anandipatsa kondakitala wa basi, ine ndili ndekha pamsewu. Anamusankha kusekondale yogonera konko, kutali. Ndinaiwerenga kawiri chiimire. Ndinaipinda, ndinaiika pansi pa pepala m'bokosi la kaseti ya Yachiwiri. Mumtima ndinati chaka chimodzi chokha, tikhazikike kaye.

"Sanakusankhe," ndinamuuza.

"Chabwino, amayi," anatero, n'kupitiriza kusesa.

Chaka chimodzi chinabala chinzake. Tsiku lina mvula inayamba m'mawa osakata, ndipo sikunabwere munthu. Elube anati tisewere. Iye chofiira, ine chobiriwira. Ine sindinali katswiri, ankachita kundinyamula: "Khalani kumbuyo kwanga, amayi. Musathamangire zowalazo, ndi msampha." Palibe munthu m'madera onse amene tinadutsa anali ataonapo mapeto a Yachiwiri. Ena ankati ilibe. Tsiku limenelo tinapyola malo onse omwe ndinkawadziwa, tinalowa kwina kumene nyenyezi zinali zofiirira, ndipo kutsogolo kunatulukira chimdani chachikulu ngati chulu, maso thupi lonse. Elube anayamba kuchithudzula maso limodzilimodzi. Ine zombo zanga zinatha. Iye anatsala ndi chosungira chimodzi.

Ndinadina batani lapakati. Katoni yanga yomwe ili pamwamba pa mutu wanga.

Chombo changa chinatulukira n'kukhala nthawi yongokwanira kuyetsemula. Chimdanicho chinali chitatsala ndi diso limodzi pamene chipolopolo chinakhudza chofiira. Pakona panalibenso kanthu. Makina anafunsa mayina. Analemba ELU. Mbali yanga anaisiya yopanda kanthu.

"Simunapemphe, amayi."

"Aa, iwe, si gemu chabe iyi? Yambitsanso."

"Ndi kalata ija simunapemphe."

Anali ataipeza kalekale, tsiku lina akufuna kaseti. Anakhala nayo nkhaniyo m'mimba nyengo ziwiri za fodya, akudikira kuti ndinene ndekha. Mawu oyenera analipo, aafupi, mwana wa Sitandade 1 amawadziwa. Ine ndinati, "Ukanapita, tikanadya chiyani pano?"

Anakulunga waya kuzungulira padi bwinobwino, monga ndinamuphunzitsira, anaiika pabenchi. Mvula itakata anatenga ndowa. Ndowayo ndinakaipeza pamjigo, yodzaza, palibe mwini.

Ndinasenzanso, ndekha tsopano. Sindinapite kwa asing'anga. Ndinaganiza ngati munthu wa ntchito yanga: mwana wa zala zotere sangadutse nyumba ya magemu osalowa, ndipo akalowa dzina lake likhala pamwamba. Choncho paliponse ndikamva kulira kwa Kachombo ndinkakankha chitseko n'kunena, "Ndione mayina."

Ndinafika m'tauni ya njanji, kumene sitima inkalira koma sindinaionepo. Nyumba ya magemu inali kuseri kwa chigayo, mango osabereka ali pakhomo. Kumeneko anali ndi Yachitatu. Ndi yokongola, sindingakane: mitundu yambiri, nyimbo ngati za ukwati. Koma imalongolola. Usanawombere kalikonse, kamnyamata ka tsitsi lachikasu kamayamba kukambirana ndi mkulu wake wa ndevu, nthawi yoti munthu n'kuphika maungu apse. Ukafa, amakambirananso. Ndipo ndi ya munthu mmodzi. Padi yachiwiri imangolendewera ngati mkono wopuwala. Komabe mayina imasunga. Pamwamba penipeni panali ELU.

Mwini wake anali bambo wa mwendo umodzi waufupi, wokonza mawailesi.

"Wangochoka kumene, mayi," anatero. "Mukanabwera mwezi watha."

"Anati akupita kuti?"

"Ameneyo salankhula. Amalowa, amatichititsa manyazi, amatuluka."

Ndinakhala pamenepo, mwina angabwerere. Bamboyo anandiphunzitsa kulumikiza mawaya ndi chitsulo chamoto, ndipo zipsera zake ndi izi ndili nazo m'zala. M'mawa uliwonse ndinkayatsa makina n'kuyang'ana dzina lija, kenako n'kusesa. Tsiku lina kalaliki wina wa kunjanji, atavutikira miyezi, analipitirira. ELU anatsika mzere umodzi. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinamanga katundu.

Misewu inali yomweyo. Nthawi zina ndinkadutsa mudzi n'kuzindikira galu amene ndinamusiya kumbuyo masiku asanu apitawo. Kanema uja anafa, ndinamusiya pakhonde la munthu. Katundu anapepuka, koma khosi ndiye linayamba kuwawa.

Pamsika wina wa m'malire, kumene anthu amapatsana moni m'zilankhulo zitatu, ndinapeza Yachinayi. Mango a pamenepo anali atawasadza nthambi zonse. Yachinayi ndi ija aliyense amati ndiyo yoipa, ndipo ndimawamvetsa. Amakuika mkati mwa chombo, chombocho osachiona, thambo lonse n'kumazungulira ngati waledzera. Mdani amakuwombera kumbuyo, sudziwa ndi komwe wachokera. Mwini nyumbayo, mayi wonenepa dzina lake Nangondo, ankaika beseni pambali pa benchi chifukwa anthu ankasanza. Pa mndandanda panali mayina atatu okha, poti ambiri ankathawa. Lapamwamba linali ELU.

"Wangochoka kumene," anatero Nangondo. "Yekhayo ndiye sankafuna beseni. Ankasewera chiimire, akugwedeza mwana kumbuyo."

"Mwana?"

"Eya, wakhanda."

"Wamkazi kapena wamwamuna?"

"Iii, mukufunsa ngati apolisi bwanji? Inu ndinu ndani wake?"

Ndinayang'ana beseni. Ndinati, "Tinkakhala moyandikana."

"Ndiye mwafunsa zokwanira, anzathu oyandikana nawo. Musewera kapena mupita?"

Ndiye Yachinayi ndi gemu yolakwika, yopangidwa ndi anthu amene sanakhalepo pabenchi. Koma sindingaitche yoipitsitsa. Inali ndi malo olembapo dzina, ndipo inandiuza kuti ndili ndi mdzukulu.

Yoipitsitsa ndinakaipeza mumzinda wa nyumba zosanjikana. Ndinafunsa nyumba ya magemu, anandilozera chitseko. Mkati munali ometa tsitsi. Ndinafunsa ina, munali tchalitchi. Pamene panali mango panatsala chitsa, ndipo pachitsapo munthu ankatchajitsa mafoni. Yachisanu inali m'mafonimo. Aliyense ndi yake m'thumba. Pokwerera minibasi anthu ankakhala mzere, mitu yowerama ngati pamaliro, chala chikuyenda pagalasi. Ndinakhala pafupi ndi mtsikana wina wovala za kuofesi n'kumasuzumira. Kukongola kwa gemuyo kuposa Yachitatu. Chombo chimawombera chokha, iwe umangochikoka. Chikaphulika amakuonetsa malonda a sopo, kenako chimabwerera pomwe chinali ngati sipanachitike kanthu. Sufa, sumaliza, sukhala ndi mnzako.

"Mwanawe, ndione mayina," ndinatero.

"Mayina ati, agogo?"

"A amene anasewerapo."

"Ndi foni yanga iyi, agogo. Ndimasewera ndekha." Anasendeza chikwama chake mbali inayo.

Mumzinda monsemo palibe anandiuza kuti wangochoka kumene. Mwina ndinadutsana naye pamsewu, mutu wake uli pansi ngati ena onse. Sindikudziwa. Yoyamba imapha, Yachitatu imatopetsa, Yachinayi imasanzitsa, koma zonsezo munthu akadutsapo amasiya phazi. Yachisanu ndi thanthwe. Ndinakhala kumeneko zaka zambiri, ndikumata magalasi oteteza mafoni pansi pa ambulera, chifukwa manja anga ankatha kuchotsa mpweya wonse osasiya thovu. Tsiku lonse ndinkagwira Kachombo wa anthu ena, wopanda dzina ndi limodzi lomwe. Kenako maso anayamba kuchita nkhungu, thovu ndinasiya kuliona, ndipo ambulera anampatsa wina.

Ndinatuluka mumzindamo ndi ndodo ndi kalata ija, yomangidwa pakona ya chitenje. Sindinkafunanso kanthu. Ndinkangotsata mitengo ya magetsi, ndipo itatha ndinapitirira. Masana ena ndinamva chigayo, ndipo pansi pa phokoso lakelo ndinamva nyimbo ya Yachiwiri. Ndinaterereka pa chinthu chofewa. Anali mango akupsa, atagwa okha. Zenera linali lotseka ndi thumba la feteleza. Ndinalowa, ndinasendeza nkhope pafupi ndi katoni ya pamwamba pa kanema. Panali liwu limodzi: PEMPHA. Chilembo P chinali ndi mutu waukulu, monga Elube ankachilembera kuyambira Sitandade 1.

Zotsalazo ukuzidziwa, Mwandida, poti unalipo, koma ndizilembe. Unati, "Agogo, mwasochera, chigayo n'chitseko chinacho." Ndinati ndione mayina. Unaseka, unadina, ndipo poona kuti ndikufinya maso unandiwerengera.

"Pamwamba ELU ndi AMA. Pachiwiri ELU ndi AMA. Mizere yonse khumi ndi chimodzimodzi. Palibe anawachotsapo."

"AMA ndi ndani?"

"Palibe. Amayi anga ankasewera okha pamene kulibe anthu. Ankayatsa zombo zonse ziwiri, padi inayo n'kuiika pabenchi pambali pawo. Chobiriwiracho chinkangoima, iwo n'kumachitchinga. Zikaphulika zonse zitatu, ankatambasula dzanja n'kudina okha batani lapakati, kuchipatsa chawo. Ndikafunsa ankati, usokose pang'ono, ndikusewera ndi amayi."

Ndinadikira kuti unene mawu aja amene ndinawamva m'tauni ya njanji ndi m'malire. Sunanene. Unati munawaika m'manda dzinja la dzana, ndipo unandifunsa kuti ndine ndani wawo. Ulendo uno ndinayankha zoona. Kenako unapita kukatenga madzi, unandipatsa utagwada. Kalata ndinakupatsa madzulo ake, itang'ambika m'mopinda monse. Unaiwerenga mokweza mpaka pa tsiku lotsegulira sukulu, n'kulekeza.

Dzulo unati tisewere, iwe chofiira, ine chobiriwira. Ndinkangoona kuwala kukuyenda m'nkhungu. "Khalani kumbuyo kwanga, agogo," unatero, ndipo padi inatsala pang'ono kundipulumuka. Unandinyamula mpaka kwa chimdani cha maso chija. Zanga zinatha. Chala changa chinapita chokha pa batani lapakati, zaka zonsezi sichinaiwale njira. Ndinachigwira ndi dzanja linalo.

"Ndibwereke?"

"Chatsala chimodzi, agogo."

"Ndikudziwa. Ukhoza kukana."

"Tengani. Koma mukhale pakona, musayende."

Ndinakhala pakona. Panali phokoso lalikulu, kenako nyimbo ina imene sindinaimvepo. Ndinafunsa kuti chikuoneka n'chiyani. Unati zombo zikutsika pabwalo lina pali mtengo, ndipo zatera zonse ziwiri. Mwina changa chinali chitaphulika kale ndipo unangondikomera mtima. Sindikufunsa.

Tsopano yankho lako. Yachiwiri usunge, uziikutira pa fumbi. Yoyamba usunge, sitenga malo. Yachitatu ndi Yachinayi uchite nazo zomwe ukufuna. Yachisanu siili pashelefu yako, ili m'matumba a anthu, ndipo ikadzafika kuno benchi yako idzakhala yopanda munthu. Udzafuna chokokera anthu, ndipo chili pafupi.

Maso anga anafa koma makutu ali moyo. Mwana wako Alinane ali ndi zala za agogo ake. Ndimamva mmene nyumba imadzazira akagwira padi, ndipo Lachiwiri lapitali, belu la sukulu litalira kale, ndinakumva ukumuuza kuti amalize kaye gemu imodzi poti anthu abwera. Liwu limenelo ndikulidziwa, linali langa. Chaka chino alemba mayeso. Kalata yake ikadzabwera, umupatse m'manja tsiku lomwelo, usanavule nsapato. Ukadzafuna kanthu kake, kaya tsiku limodzi, kaya chaka, umupemphe, ndipo akakana uike manja pamwendo. Ine katoni ndinalemba ndekha n'kulephera kuiwerenga. Iwe uchite bwino kuposa ine, Mwandida. Tsache lili kuseri kwa chitseko, mawa m'mawa uyambe ndi wako.